Malona Anayi a ku Vubwi

Ana anga, Mateyu ndi Esinati, mutu uno ndaulemba kawiri n'kuung'amba kawiri, chifukwa ndikafika pakati mkwiyo umandigwira. Mukukumbukira kuti tinatulutsidwa m'nyumba ya kampani ku Vubwi, katundu wathu ali pangolo, matope ali m'maondo. Tsiku limenelo iwe Esinati unandifunsa kuti, "Atate, mwalakwa chiyani?" Sindinakuyankhe. Ndikuyankha lero, koma ndiyambire kutali pang'ono kuti mudziwe mtundu wa munthu amene ndinamugwirira ntchito moyo wanga wonse.

Katete, ntchito yanga yoyamba

Ndinalowa ntchito kwa a Sakala ndisanakwatire. Iwo anali wamalonda wogula mbewu kwa alimi, nshawa, chimanga ndi mpendadzuwa, n'kumakagulitsa ku Lusaka. Sitolo yawo inali m'mbali mwa msewu waukulu, kuseri kwake kuli shedi ndi malole awiri. Ine anandiika pasikelo, ndipo ndinakhalapo mpaka alimi anaiwala kuti ndine Daka, n'kumangonditchula kuti a Sikelo. Dzinalo ndinalikonda chifukwa linali ndi ulemu wake. Mayi akabwera ndi thumba la nshawa atalisenza kuchokera kumudzi, ndinkatembenuzira nkhope ya sikelo kwa iye kuti aone yekha pamene muvi waima. A Sakala sanandiletsepo zimenezo, ndipo apa ndiwachitire chilungamo, sanali wakuba. Matenda awo anali ena.

Masiku amenewo chipani cholamula chinali chitalola kuti wamalonda aliyense azigula mbewu momwe angathere, ndipo amalonda a pa Katete ankachikonda ngati mkazi watsopano. Chithunzi cha mtsogoleri wake chinapachikidwa pamwamba pa sikelo yanga. Kukakhala msonkhano wa ndale, malole athu ankasiya matumba pansi n'kukanyamula anthu, ndipo m'sitolo munkafika mabelo a zitenje za chipani zoti tizipatsa mayi aliyense wogulitsa mbewu kwa ife. Tsiku lina ndinafunsa, mwaulemu ndithu, kuti kodi ife ndife ogula nshawa kapena ndife a ndale.

"Daka, ukali mwana iwe," anatero a Sakala, uku akuseweretsa makiyi a galimoto. Iwo ankalankhula Chinyanja cha m'tauni chosakaniza. "Bizinesi ilibe chipani, bizinesi ili na mimba. Awa anthu atsegula maketi. Mainvesita azabwera, dziko izakula, na iwe uzagula njinga ya moto. Manje ife tikhale chabe manja lende? Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto."

Ndinabwerera pasikelo nditakhutira. Ndinaganiza kuti munthu wokhala ndi malole awiri sangalankhule zopusa. Zitenje zija ndinazigawa ndi manja angawa, ndipo chitenje choyamba chimene ndinapatsa amayi anu tili pachibwenzi chinali chomwecho, cha nkhope ya munthu wandale kumbuyo. Mpaka lero amandiseka kuti ndinawafunsira ndi katundu waulere.

Sinda, chaka cha chisankho

Patapita zaka, a Sakala anatsegula depoti ku Sinda n'kundituma kukhala woyang'anira. Iwe Mateyu unali utayamba sukulu. Inali ntchito yovuta. Matumba opanda kanthu ankasowa nthawi yokolola yeniyeni, dizilo ankatha pamalo omwetsera, ndipo misewu yolowa m'midzi inali yoti lole ikalowamo umayamba wapemphera. Chisankho chilichonse a chipani ankabwera kudzalonjeza misewu yomweyo, malole athu omwewo n'kuwanyamulira anthu owombera m'manja, chisankho chikatha maenje n'kumakulirakulira. Ine ndinkadandaula chamumtima. A Sakala anayamba kudandaula mokweza, koma osati za alimi osenza mbewu pamutu. Iwo chinkawapweteka chinali matayala a malole awo.

Ndinamva kuti amalonda akuluakulu a m'boma lathu anakumana pa nyumba ina yogona alendo ku Katete, zitseko zotseka. Mlungu womwewo m'mawa a Sakala anatulukira pa depoti, nkhope ili gwa ngati kunyumba kwagwa maliro. Analoza chithunzi chimene ndinachoka nacho ku Katete.

"Chotsa ichi."

"Chalakwa chiyani, bwana?"

"Afeluka awa. Ekonomi yaima. Ise abizinesi tagwirizana kuti tiyese winayu, ndiye ali na pulani ya mafakitale. Mailo kubwera zitenje zatsopano."

"Nanga mabelo akalewa? Ndiwatenthe?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Osatentha! Uike kumbuyo, uphimbe bwino. Za mailo sitiziwa."

Ndinakwera pampando n'kuchotsa chithunzicho, pakhoma n'kutsala bwalo loyera la makona anayi. Mabelo ndinawabisa kuseri kwa matumba. M'mawa mwake ndinayamba kugawa zitenje za nkhope ina kwa amayi omwe aja, ena atavala kale zakalezo m'chiuno. Bambo wina wachikulire, mlimi wa thonje amene ankabweretsanso nshawa, anaima n'kumandipenyerera nthawi yaitali, kenako anati, "A Sikelo, chaka chatha munatiuza kuti uyu ndiye mpulumutsi. Lero mwatembenuka. Kodi sikelo yanuyi nayo imatembenuka chomwechi?" Anthu anaseka. Ine ndinasekera limodzi nawo, koma mawuwo anandilowa ngati minga ya kuphazi. Chipani chatsopanocho chinapambana, a Sakala anagula lole yachitatu, ndipo ine ndinadziuza kuti mwina akuluakulu amaona patali.

Vubwi, zaka za maziko

Vubwi atakhala boma palokha, a Sakala anathamangirako asanapite amalonda ena. Anapeza malo, anamanga shedi ndi kanyumba kamene inu munakuliramo, ndipo analengeza kuti adzamanga fakitale yofinya mafuta a nshawa. Tsiku loika mwala wa maziko kunabwera mkulu wina wa boma, kunaphedwa ng'ombe, amayi anavina mpaka fumbi. A Sakala anaimirira n'kunena kuti boma ili ndi bwenzi la bizinesi, kuti msewu ukubwera, magetsi akubwera, ndipo ana a ku Vubwi sadzawolokanso malire kukafuna maganyu ku Malawi kapena ku Mozambique. Amisiri anathira simenti pabwalo lalikulu, silabu yosalala bwino, n'kuyala mizere iwiri ya njerwa kuzungulira. Khoma la fakitale linathera pomwepo.

Koma fakitale imafuna nshawa, ndipo osati nshawa wamba. Inkafunika mtundu umodzi wa mafuta ambiri. Ntchito yokopa alimi kuti asiye mbewu yawo yakale anandipatsa ine. Ndinayenda panjinga mudzi ndi mudzi. Kumudzi wina kufupi ndi malire ndinakumana ndi amayi a Tikambenji, mayi wamasiye amene ankatsogolera kalabu ya alimi. Anali wamfupi, wosaseka wamba, ndipo mawu ake ankamveka m'midzi isanu. Atandimvetsera mpaka kumapeto anandifunsa funso limodzi.

"A Sikelo, abwana anuwo ife sitiwadziwa, tidangowaona akulankhula pa chimkuzamawu. Amene timadziwa ndinu. Fakitaleyi idzabweradi?"

"Idzabwera, amayi," ndinatero. Sindinazengereze n'komwe.

"Chabwino. Mwanena ndinu."

Chaka chimenecho midzi yonse isanu inabzala mbewu yatsopano. Amayi a Tikambenji ndiwo anabweretsa nzeru yosunga mbewu pa depoti. Anati nshawa yosungidwa m'nyumba siifika nthawi yobzala: mlendo akabwera umamukazingira, mwana akalira umamutapira, ndiwo zikasowa nsinjiro umasinja, ukadzati ubzale wapeza pansi pa thumba. Choncho chaka chilichonse akakolola, banja lililonse linkapatula mbewu yake n'kubwera nayo kwa ine. Ndinkaisankha, kuithira mankhwala, n'kuisunga m'shedi mpaka mvula yobzalira. Ambiri sankalemba, ndiye thumba lililonse linkamangidwa kansalu kakekake pakamwa kuti mwini alizindikire. Matumba a amayi a Tikambenji ankamangidwa kansalu kakuda ka chovala chawo cha umasiye. Mbewu imeneyo sinali ya a Sakala, sinalinso yanga. Inali ya eni ake, yongoikizidwa m'manja mwanga.

Zaka zinadutsa, silabu ili yomweyo, mbuzi zikugonapo. Ndikafunsa za fakitale, a Sakala ankati magetsi akuzimazima, msewu sunathe, mainvesita akuopa. Kenako boma linatseka malire kuti chimanga chisatuluke m'dziko, iwo atagula kale chimanga chambiri choti akagulitse kunja. Anakwiya ngati njati yolasidwa. Analamula kuti chimanga chonsecho chilowe m'shedi ya ku Vubwi, chidikire tsiku limene malire adzatsegulidwe, ndipo mbewu ya alimi ituluke. Ndinakana, anaumirira, tinakumana pakati: ndinayala mitengo pasilabu ya fakitale, kusanjapo matumba a mbewu, n'kuwafunditsa malona anayi akuluakulu, omanga ndi zingwe. A Sakala anati ndi za masabata ochepa chabe. Mabelo a zitenje zakale, amene anatitsata kuchokera ku Sinda, iwo anatsala m'shedi pouma.

Vubwi, Okutobala wa chaka changa chomaliza

Masabata ochepawo anakhala miyezi itatu. Mu Okutobala kunagwa chisankho chapadera cha phungu m'dera lina loyandikana nalo, ndipo amalonda a ku Katete anakumananso zitseko zotseka. Sindinadabwe nditalandira uthenga woti ndichotse chithunzi pakhoma. Chipani chimene chinaika mwala wa maziko tsopano chinali mdani wa bizinesi, ndipo panali chachitatu chimene chinalonjeza kutsegula malire ndi kuitana mainvesita. Ndinachotsa chithunzicho osafunsa. Mabelo obisika anakhala a mitundu iwiri.

Lachisanu lina m'mawa kunatentha modabwitsa. Mphepo inali itasiya kuchokera kum'mawa, nyerere zikusamutsa mazira m'mbali mwa shedi, ndipo kumapiri a ku Mozambique mitambo inali itaunjikana. Aliyense wobadwira kumudzi akanadziwa kuti chizimalupsa chili pakhomo, mvula yoyamba ija yozimitsa moto wa m'tchire. Cha m'ma teni koloko a Sakala anafika pagalimoto yawo, kumbuyo kukubwera lole yodzaza makada, azibambo a chipani chatsopanocho, atavala zipewa zofanana.

"Daka, masula matenti aya. Mailo kuli rale ya chipani, kubwera akuluakulu a ku Lusaka. Ise abizinesi talonjeza mthunzi."

"Bwana, pansi pa malonawa pali mbewu ya midzi isanu."

"Niziwa. Sande matenti azabwera."

"Tayang'anani kumapiri uko."

Sanayang'ane. "Mvula ya Okutobala ni yaboza, ingowopseza. Iwe ufuna munthu wamene azatsegula boda akhale pa dzuwa monga mbuzi? Uganize za ekonomi, Daka. Boda ikatseguka, ichi chimanga chipita, ndalama ibwera, fakitale timanga. Ni alimi ako amene azadyerapo."

"Fakitale ija munati imangidwa ndi amene mwawachotsa pakhomawa."

"Anatinamiza."

"Nanga amene tinawachotsa ku Sinda aja?"

"Naonso anatinamiza. Manje vuto yako ni chani?"

Ndinawauza kuti vuto langa ndi lakuti iwo akanamizidwa amagula lole ina, koma amayi a Tikambenji akanamizidwa amagona ndi njala. Ndinawapempha kuti atenge malona awiri asiye awiri. Ndinawapempha kuti akabwereke ku mpingo. Ndinagwada, ana anga, ine bambo wanu wa imvi ndinagwada pafumbi pamaso pa makada. A Sakala anangokodola ndi dzanja, azibambo aja n'kudula zingwe ndi mipeni, kukoka malona onse anayi, kuwapinda n'kuwaponya m'lole. Anachoka akuimba nyimbo. Matumba anatsala pamtetete, tinsalu tawo tikuuluzika ndi mphepo.

Ndinaima pakati pa silabu ndi shedi, makiyi ali m'thumba. Shedi inali yodzaza mpaka kudenga ndi chimanga cha abwana. Panalibe nyumba ina pafupi yoti mbewu yonseyo ingalowemo, ndipo midzi ya eni ake inali kutali, ina ulendo wa maola atatu pangolo. Njira inali imodzi yokha, ndipo ndinkadziwa mtengo wake. Zaka zopuma ntchito zinali zitayandikira, inu munali pasukulu, nyumba imene tinkagonamo inali ya a Sakala. Amayi anu anatuluka kukhitchini, anayang'ana matumba, anayang'ana kumwamba, anayang'ana dzanja langa lili m'thumba.

"Atate ake Mateyu, mukudziwa chimene mukufuna kuchitachi?"

"Ndikudziwa."

"Atichotsa."

"Atichotsadi."

Anamanga chitenje chawo mwamphamvu m'chiuno nati, "Ndiye mukudikira chiyani? Imbani chitsulo."

Pamtengo wa mango panali chitsulo cha gudumu la lole chimene tinkaimba poitana alimi. Ndinachimenya mpaka mkono unachita dzanzi. Anthu a pafupi anabwera akuthamanga, kuganiza kuti kwabuka moto. Mwamwayi amayi a Tikambenji anali pachigayo tsiku limenelo, ndipo atamva nkhaniyo sanataye nthawi ndi kutukwana. Anagawa anthu pawiri, azibambo azitulutsa chimanga cha abwana kupita nacho pabwalo, amayi azilowetsa mbewu pamalo potsukapo. Thumba la mbewu silikanalowa lisanatuluke la chimanga, ndiye ntchito inkayenda pang'onopang'ono ngati maliro. Ine ndinati tiyambe ndi matumba a tinsalu takuda chifukwa mwini wake analipo ndipo ndiye ankagwira ntchito kuposa tonse. Iwo anakana.

"Iyayi, a Sikelo. Yambani ndi za anthu akutali, amene sakudziwa n'komwe kuti mbewu yawo ili pamtunda. Za mudzi wathu zikhale zomaliza. Ndikayamba ndi zanga, mawa ndidzawayang'ana bwanji anzanga?"

Tinasenza kuyambira masana mpaka cha m'ma folo koloko. Midzi inayi inalowa. Titayamba wachisanu, mphepo yozizira inawomba kamodzi, ndipo mvula sinayambe ndi madontho ayi, inangokhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Ndinathamangira m'shedi, kudula mabelo a zitenje zakale zija, za Katete ndi za Sinda, n'kuyamba kufunditsa matumba otsala ndi chimanga cha abwana chomwe. Bwalo lonse linadzaza nkhope za atsogoleri awiri otayidwa, zikuyang'ana kumwamba, mvula ikuzimenya. Koma chitenje si lona. Choipa koposa chinali njerwa zija. Mizere iwiri ya khoma losatha inatsekera madzi pasilabu, bwalo la fakitale n'kusanduka dziwe. Pamene tinkagumula njerwa ndi makasu kuti madzi atuluke, matumba a tinsalu takuda, amene anali pansi penipeni pa mulu, anali atamira kale.

Mvula inagwa usiku wonse, inagwanso Loweruka. Dzuwa loti tiyanikire linatuluka Lolemba. Amayi a Tikambenji anamasula thumba lawo limodzi, anapisamo dzanja, anatulutsa nshawa zotupa, makungu akusupuka, zina zitatulutsa kale timizu toyera, zina zitachita nkhungu. Ananunkhiza, anazibwezera m'thumba, anapukuta dzanja pachitenje. Ndinkafuna anditukwane. Ndinkafuna andiponyere nshawazo kumaso. Iwo anangondiyang'ana nati, "Munati idzabwera." Anasenza thumba lopanda ntchitolo n'kumapita kwawo.

Tsiku lomwelo a Sakala anafika. Msonkhano wawo nawo unali utavumbwa: madzi anadzaza pamwamba pa malona, mitengo inathyoka, akuluakulu a ku Lusaka anathawira m'magalimoto asanamalize kulonjeza. Malona sanabwerere, makada anawadula n'kugawana. Ataona chimanga chawo chili pabwalo, chonyowa, chofunda zitenje zimene anandiuza kuti ndibise, anafuula mpaka mawu anasasa.

"Wanipha, Daka! Chimanga changa! Ndani anakupatsa mphamvu?"

"Ndinu, bwana. Munandipatsa makiyi."

"Zaka zonse izi nakusunga monga m'bale wanga!"

"Inenso zaka zonsezi ndakhala ndikukwera pampando kukuchotserani zithunzi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Inu muli ndi atatu, ndipo amene wavumbwa ndi mayi wamasiye."

Anandilanda makiyi pomwepo n'kundipatsa masiku asanu ndi awiri kuti ndituluke m'nyumba. Chimanga chawo china chinaola, china anachiyanika n'kugulitsa kwa oweta nkhumba. Malire anadzatsegulidwa pambuyo pake, monga amachitira nthawi zonse, osati chifukwa cha mthunzi wa munthu aliyense. Midzi inayi inabzala pa nthawi yake. Mudzi wa amayi a Tikambenji unapemphetsa mbewu mbale imodziimodzi kwa anansi, unabzala mochedwa, ndipo chaka chimenecho mabanja angapo anawoloka malire kukagwira maganyu, zomwe a Sakala analumbira pa chimkuzamawu kuti sizidzachitikanso. Amayi a Tikambenji anatula pansi utsogoleri wa kalabu. Anati munthu amene anatsogolera anzake kukaika mbewu padziwe sayenera kulankhulanso pagulu.

Mkaika, chaka chatha

Tinabwerera kuno kwathu ku Mkaika, ndipo zimene zinatsatira mukuzidziwa: khasu, mbuzi zochepa, ndi amayi anu kugulitsa tomato pamsewu kuti inu mumalize sukulu. Ndinaganiza kuti nkhope ya a Sakala sindidzaionanso. Koma chaka chatha, mwambo wa Kulamba utangotha, galimoto yoyera inaima pakhomo pano. Anatuluka atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma makiyi akuseweretsabe m'dzanja. Amayi anu anawayalira mpando, chifukwa mlendo ndi mlendo. Iwo anatulutsa chitenje chatsopano m'pepala n'kuwapatsa. Sindinavutike n'kuyang'ana kuti pali nkhope ya yani.

"A Daka," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula ndi ulemu, "zakale ni zakale. Manje zinthu zasintha. Ise abizinesi taona kuti awa ndiye ali siriyasi na investimenti. Napeza mapatinala, fakitale ija timanga. Mwezi wa mailo tiika mwala wa maziko."

"Pa silabu yomwe ija?"

"Yomwe ija, ikali yolimba. Koma alimi a ku Vubwi akana kulima nshawa ya mafuta. Akuti akambe a Sikelo, ndiye tizamvera. Tiyeni mukakambe nawo. Nizakusamalirani bwino."

Munthuyu sanabwere kudzapepesa. Anabwera kudzabwereka pakamwa panga, monga anabwerekera malona. Ndinadzigwira, n'kuwafunsa modekha kuti malona anayi aja anabwerera liti. Anaseka, nati a Daka mukali kukumbuka matenti, nizagula teni. Ndinati chabwino, malona tiwasiye. Ndinawauza kuti ndipita nawo ku Vubwi tsiku lililonse limene angafune, koma tikafika tiyambire kumudzi wa kumalire, akakhale pansi pakhomo pa amayi a Tikambenji, akawafotokozere okha ndi pakamwa pawo kumene fakitale yoyamba inapita. Amayiwo akakavomera, inenso ndivomera.

A Sakala anakwinya nkhope, akufufuza m'mutu moona mtima. Kenako anafunsa kuti, "Tikambenji ni ndani?"

Sindinakalipe. Ndinadzuka, ndinatenga chitenje chija pamiyendo ya amayi anu, ndinachipinda bwinobwino n'kukachiika pampando wa galimoto yawo, n'kuwatsegulira chitseko. Amayi a Tikambenji anamwalira zaka zitatu zapitazo kwa mwana wawo kutsidya la malire, ndipo ine ndinapita kukawaika. Zimenezo sindinawauze a Sakala. Ndinaona kuti si zawo.

Tsono Esinati, funso lako lija. Anthu ena amati ndinalakwa kutulutsa chimanga cha abwana pamvula, ndipo amalume ako amanenabe kuti ndikanangokhala chete bwenzi ndikudya za ukalamba. Chimanga chija ndikanachitulutsanso lero, ngakhale ndi msana uno. Kulakwa kwanga kunachitika kale chimanga chisanalowe n'komwe m'shedi. Mayi wamasiye anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa ngati fakitale idzabwera. Ine ndinali nditachotsapo kale chithunzi pakhoma ndi manja anga, ndinali nditabisapo mabelo, ndinkamudziwa bwino munthu amene anandituma. Ndipo ndinayankha kuti idzabwera.